Ndinakachotsetsa Mafuta, Ukwati wa Mwana Wanga Unandipita

Inu owerenga, ine ndinanamiza dokotala, ndinanamiza achemwali anga, ndinanamizanso mwana wanga wobala ndekha. Mabodza amenewa anandilanda tsiku limene ndinalidikira zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Pa ukwati wa mwana wanga mmodzi yekhayo ine kunalibe. Ndinali chigonere m'chipatala, khungu la pamimba panga likuwola, chifukwa ndinakachititsa opaleshoni yochotsa mafuta imene dokotala wina wanzeru zake anali atandiuza kale kuti si ya anthu ngati ine. Dzina langa sinditchula. Amene amandidziwa ku Dwangwa andizindikira basi, ndipo ngati akufuna kuseka aseke, poti anayamba kale.

Ndine mphunzitsi wa kupulaimale, ndipo zaka zanga zatsala pang'ono kukwana makumi asanu. Kunenepa ndi kwa kumtundu kwathu. Mayi anga anali a thupi, azakhali anga chimodzimodzi, ndipo pa utsikana wanga palibe amene ankaona ngati ndi vuto. Bambo a mwana wanga, munthu wa kumpoto amene anabwera kuno ndi mabwato ake a usodzi, ankandinyadira pa anzawo kuti anakwatira mkazi wooneka. Patatha zaka khumi ndi zisanu, thupi lomwelo linasanduka mlandu. Anandisiya n'kukwatira mayi wina wa muofesi ku esiteti ya nzimbe, wocheperako zaka, wocheperanso m'chiuno. Mwana wathu Lusungu ndinamulera ndekha ndi malipiro a uphunzitsi mpaka anamaliza kukoleji. M'kati mwa zaka zimenezo ndi pamene anandipeza ndi matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo ndinkamwa mapiritsi tsiku lililonse, kupatula masiku amene ndaiwala, amene sanali ochepa.

Lusungu atabweretsa mnyamata wa ku Benga, ankhoswe n'kukambirana zonse, ine ndinkayenda ngati sindikuponda pansi. Ndinkadziona nditakhala kutsogolo m'tchalitchi mwathu, ansembe akudalitsa mwana wanga, kenako kuholo akuitana mayi a mkwatibwi kuti atsegule bwalo. Malo amenewo anali anga. Ndinawagwirira ntchito ndekha, popanda wondithandiza.

Mukudziwa mmene timachitira kuno. Akomiti amasankha nsalu imodzi ya mbali ya mkwatibwi, ndipo amayi onse a banja amakayezetsa kwa telala mmodzi kuti masitayilo asasiyane. Bambo a Lusungu analimbikira kuti mkazi wawo avale nawo nsalu ya banjayo. Ndinavomera, kuopa kuti anthu anganene kuti ndikadali ndi nsanje. Choncho Loweruka lina m'mawa tinakumana tonse pakhonde la a Jafali, telala wathu wa pa Dwangwa, aliyense atanyamula mamita ake anayi. A Jafali ndi munthu wabwino, koma pakamwa pawo palibe chitseko. Akamayeza munthu amatchula manambala mokweza asanalembe. Atafika pa ine anazunguliza tepi, anaima, anaseka pang'ono n'kunena kuti, "Walahi mayi, tepi yanga yathera panjira. Inu mamita anayi sakwana, muwonjezere awiri."

Amayi onse anafa nacho chiseko, ine ndinaseka nawo monga ndinazolowera. Amene sanaseke ndi mkazi wa bambo a Lusungu yekha. Anandiyandikira n'kunena motsitsa mawu, "Mayi a Lusungu, musakagule ina. Ine awiri andikwana, mutenge yotsalayo." Mwina ananena ndi mtima wabwino. Lero ndimakhulupirira kuti unalidi mtima wabwino. Koma tsiku limenelo mawuwo anandiwawa kuposa chiseko cha amayi onse aja. Ndikavale zotsala za mkazi amene ananditengera mwamuna, pa ukwati wa mwana wanga? Nditafika kunyumba ndinalumbira kuti pa tsikulo anthu sadzatiyerekeza n'kumandimvera chisoni.

Ukwati unali utatsala miyezi iwiri ndi theka. Pagulu lina la amayi la pafoni ndinali nditaonapo zithunzi za akazi amene anawapopa mafuta, mbali iyi mimba yolendewera, mbali inayo chiuno cha namwali. Sukulu itatsekera ndinakwera basi kupita ku Lilongwe, ku chipatala china cholipira kumene ndinamva kuti kuli dokotala wodziwa za opaleshoni zotere.

Adokotalawo anali mayi, wamng'ono kwa ine, wolankhula mosathamanga. Anandikweza pa sikelo, anandiyeza magazi, anatsina khungu la pamimba panga n'kulisiya kuti aone ngati libwerere. Silinabwerere msanga. Kenako anandikhazika pansi n'kundiuza zimene ndikufuna inu owerenga mumvetsetse, chifukwa ine ndinazimva ndi makutu okha.

Anati opaleshoni imeneyi si yochepetsa thupi. Ndi ya munthu amene thupi lake lili kale pafupi ndi mulingo wake, koma ali ndi mafuta amakani pamalo amodzi kapena awiri, monga pamimba kapena m'ntchafu, amene akukana kuchoka ngakhale munthuyo adye mosamala ndi kulimbitsa thupi. Khungu lake likhale lolimba, lotha kubwerera mafutawo akachoka. Asakhale wosuta fodya, asakhalenso ndi matenda ochedwetsa kupola kwa zilonda. Anandiuzanso kuti kapaipi kamene amapopera kamangofika pa mafuta a pansi pa khungu. Mafuta a m'kati, ozungulira matumbo, amene kwenikweni ndiwo anakulitsa mimba yanga, kapaipiko sikawakhudza n'komwe. Pomaliza anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Mayi, shuga wanu ndi wokwera. Ndikakudulani ine, chilonda chidzavuta kupola. Tiyambe tatsitsa shugayu. Ku ukwatiko mukavine ndi thupi lomweli, mwana wanu akulidziwa."

Ndinatuluka m'chipindamo nditakwiya. Mumtima ndinkati kamtsikana aka kandiona ngati mayi wakumudzi wosatha kulipira. Taonani uchitsiru wake. Munthu wakana ndalama zanga kuti andipulumutse, ine n'kumuyesa wamwano.

Pagulu la pafoni lija panali mayi wina amene ankalumikiza anthu ndi kachipatala kena mumzinda wa dziko loyandikana nafe, kumene amayi ambiri a kuno amapita kukaoda katundu. Kumeneko sanafunse zambiri. Anangoti nditumize chithunzi cha pamimba ndi tsiku limene ndikufuna. Ndinagulitsa munda wa mpunga umene bambo anga anandisiyira ku Nkhunga, ndipo abale ndinawauza kuti ndikupita kukagula nsapato za mkwatibwi ndi zokongoletsera holo. Onse anandiyamikira kuti ndine mayi wodzipereka.

Nditafika anandipatsa pepala la mafunso. Pa funso lakuti kodi muli ndi matenda a shuga, ndinachonga kuti ayi. Ine, mphunzitsi, amene ndimaimiritsa ana kutsogolo kwa kalasi chifukwa chobera mayeso. A kuchipatalako nawonso sanalimbane nazo zoyeza mobwereza, ndipo mmawa wake ndinali pabedi la opaleshoni. Nditatsitsimuka anandionetsa mabotolo odzaza mafuta achikasu osakanikirana ndi magazi, ndipo ngakhale thupi linkawawa ngati andipondaponda, ndinamwetulira. Patatha masiku awiri anandiveka chovala chothina kwambiri chogwira kuyambira pachifuwa mpaka m'ntchafu, anandipatsa mapiritsi ndi pepala la malangizo, n'kunditsanzika.

Pepalalo ndinaliwerengera m'basi. Mzere woyamba unati chovalacho ndisavule kwa masabata asanu ndi limodzi. Wachiwiri unati kutupa kumatenga miyezi kuti kuthe. Miyezi! Palibe amene anandiuza zimenezo ndisanalipire, ndipo ukwati unali utatsala masabata atatu. Ndinapsa mtima, ndinkaopanso kuti wina angalipeze m'chikwama, choncho ndinaling'amba osamaliza kuwerenga n'kuliponya pawindo. Zimene zinalembedwa m'munsimo ndinadzazimva kwa madokotala ena, zinthu zitaipa kale.

Ndinafika ku Dwangwa mimba itatupa kuposa mmene ndinapitira, yolimba, yodzaza mabala akuda a magazi oundana. Kunali kutayamba kutentha, kutentha kwathu kwa kunyanja kumene munthu amatuluka thukuta atangokhala. Chovala chothina chija ndinachipirira masiku anayi, lachisanu ndinachivula n'kuchibisa pansi pa matiresi.

Sabata yomweyo kunabwera achemwali anga a ku Benga kudzathandiza zokonzekera ukwati. Iwowa ndi amene anandilera mayi athu atamwalira, ndipo palibe chimene chimawadutsa. Anaona mmene ndinkadzukira pampando, anaona timadontho pa chitenje changa, ndipo anandilowetsa kuchipinda n'kundiuza kuti ndivule. Ataona timabala ta pamimba anagwira pakamwa. Apo ndi pamene ndikananena zoona. M'malo mwake ndinati kuulendo kuja ndinadwala mwadzidzidzi, ndipo madokotala anandipeza ndi chotupa m'mimba n'kuchichotsa. Achemwali analira, anandikalipira chifukwa chobisa, kenako anapukuta misozi n'kuyamba ntchito.

Kubanja kwathu, mayi aliyense akachira, amene amamusamalira ndi achemwali angawa. Njira yawo ndi yomwe tonse tinakulira. Amawiritsa madzi, amaviika kansalu, n'kumathowa pamimba m'mawa ndi madzulo kuti magazi oipa asungunuke, kenako amamanga pamimbapo ndi chitenje. Ine ndemwe anandithowa nditabereka Lusungu. Ndipo muyeso wa kutentha kwa madziwo si china ayi, ndi kukuwa kwa munthu amene akuthowedwayo. Ukakuwa kwambiri amathirako ozizira, ukangobuula amadziwa kuti ali bwino. Ataona kutupa kuja anati, "Awa ndi magazi oundana, mng'ono wanga. Tikathowa masiku atatu, diresi ilowa."

Mawu akuti diresi ilowa ndi amene ndinkafuna kumva. Ndinagona chagada pamphasa, iwo anaika kansalu kofuka nthunzi pamimba panga, ndipo ine sindinamve kanthu. Chimene tonse awiri sitinkadziwa ndi chakuti malo amene apopedwa mafuta amachita dzanzi kwa masabata ambiri, moti khungu likhoza kupsa mwini wake osamva. Achemwali anadikira kuti ndikuwe, ine zii. Anati, "Koma ndiye walimba mtima masiku ano," n'kuthiramo ena ochokera pamoto. Manja awo omwe ankawatentha mpaka ankagwira kansaluko ndi mthiko. Ine ndinkangoti onjezerani achemwali, onjezerani, nthawi yatha. Tinachita zimenezi m'mawa ndi madzulo, masiku atatu.

Tsiku lachitatu panatuluka matuza akuluakulu. Lachinayi matuzawo anaphulika, ndipo khungu la pansi pake linali lotuwa, kenako linayamba kuda. Shuga uja ndinamukana papepala anayamba ntchito yake. Pofika kumapeto kwa sabata, chipinda chonse chinkanunkha, thupi linkatentha, ndipo ndinkalankhula zosamveka. Ananditengera ku chipatala cha paboma, kumeneko anangoona kamodzi n'kunditumiza ku Lilongwe pa ambulansi. Ukwati unali utatsala sabata imodzi.

Dokotala wa kumeneko sindikanamunamiza, poti timabala tija anatizindikira atangotiona. Ndinamuuza zonse, koma ndinamupempha kuti asauze abale anga, ndipo iye anasunga chinsinsi monga mwa ntchito yake. Anandilowetsa kuchipinda cha opaleshoni kawiri kukadula mnofu wakufa. Kumudzi nkhani ya chotupa ija inayenda, ndipo mukudziwa mmene nkhani imakulira ikamakwera minibasi. Pochoka ku Benga chinali chotupa, pofika ku Dwangwa inali khansa, ndipo kutchalitchi anayamba kundipempherera ngati munthu wotsala masiku.

Lusungu anabwera kuchipatala maso ali psuu. Anagwada pambali pa bedi n'kunena kuti ukwati auimitsa mpaka ndichire. Ndinakana. Ndinati zinthu zakonzedwa kale, alendo a kumpoto anyamuka, apite akakwatiwe. Anandifunsa ngati madokotala anena kuti khansayo yafalikira. Inu owerenga, mwana wanga anandiyang'ana m'maso, ndipo ine ndinangoti tisiye zonse m'manja mwa Mulungu. Manyazi anandikulira kuposa chisoni cha mwana wanga. Pa zonse zimene ndinachita, ichi ndi chimene chimandinyansa kwambiri.

Loweruka la ukwati ndinali chigonere, botolo la mankhwala likudontha pamkono. Achemwali anga anali pambali panga, nawonso ukwati unawapita, ndipo sabata yonseyo sankadya bwino. Ankangobwereza kuti ndi manja awo amene andipha. Masana mphunzitsi mnzanga ananditumizira kanema pafoni, poganiza kuti andisangalatsa. Ndinaona holo yodzaza, amayi a mbali yathu atatchena nsalu ija. Ndinamva woyendetsa mwambo akukuwa kuti mayi a mkwatibwi aimirire atsegule bwalo. Anthu anayamba kuyang'anana. Kenako mkazi wa bambo a Lusungu anaimirira pang'onopang'ono, anapita kutsogolo, anavina mwaulemu osadzionetsera, ndipo atafika pamene panakhala Lusungu anatulutsa kansalu n'kumupukuta misozi. Mwana wanga sankamwetulira. Nkhope inali yotupa ndi kulira, pa tsiku limene mtsikana aliyense amayenera kuwala. Ndinazimitsa foni n'kutembenukira kukhoma.

Lolemba lake, m'malo mopita kokapuma ndi mwamuna wake, Lusungu anabwera naye kuchipatala. Anadikira dokotala pa nthawi yoyendera odwala, n'kumupempha kuti amuuze zoona zokhazokha, kuti mayi ake atsala ndi nthawi yaitali bwanji. Dokotalayo anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mayi, auzeni nokha. Mwanayu akuvutika ndi matenda amene inu mulibe." Ndinafotokoza zonse, mpongozi wanga ali pomwepo, achemwali ali pomwepo, odwala a mabedi oyandikana atatchera khutu. Ndinanena za telala, za munda wa mpunga, za pepala limene ndinachonga bodza.

Achemwali anadzuka, anatenga chitenje chawo n'kutuluka panja. Lusungu sanakuwe, sanatukwane. Anangoti, "Amayi, ine ndalira ukwati wanga wonse. Polumbira paguwa ndimaganiza za bokosi lanu. Ndiye mukuti munkafuna kuposa aunt aja, akazi a bambo, m'chiuno?"

M'chipatala ndinakhalamo miyezi iwiri. Anachotsa khungu pantchafu kukamata pamimba, choncho zipsera ndili nazo pawiri. Pamimba panga pano ndi pokumbikakumbika, mbali ina yolowa, mbali ina yotukuka, ndipo malo ena dzanzi silinathe. Thupi linabwerera lonse. Mafuta anangosamukira kumsana ndi m'mikono, monga adokotala oyamba a ku Lilongwe aja akanandiuzira ndikanakhala pansi n'kumvetsera mpaka kumapeto. Mayi wa pafoni amene anandilumikiza uja ananditchinga kuti ndisamupezenso pafoni nditangomulembera za chilonda, ndipo ndikumva kuti akutumizabe zithunzi zake kwa amayi ena. Achemwali anga anasiya kuthowa anthu. Ana a abale athu akachira, achemwaliwo amawakana, amati manja awo sawakhulupiriranso, pamene wolakwa ndinali ine. Pamsika wa pa Dwangwa ndikamadutsa, amayi ena amagwirana zigongono, ndipo ndinamva kuti anandipatsa dzina limene sindilemba pano.

Sindikunena kuti opaleshoni imeneyi ndi yoipa kwa aliyense. Alipo amene imawayenera, ndipo ndakuuzani kale mmene dokotala weniweni amawadziwira. Koma ngati thupi lanu ndi lalikulu paliponse ngati langa, ngati muli ndi shuga kapena matenda ena amene simunawagonjetse, ngati mukuthamangira tsiku la ukwati kapena mukufuna kupsetsa mtima munthu wina, imeneyi si yanu. Dokotala akakukanizani, musapite kukasaka wina wovomera, chifukwa wovomera mudzamupeza ndithu, ndipo zikadzavuta foni yake sidzayankhidwa. Amene sakukuyezani magazi, amene akungofuna chithunzi ndi tsiku, muthaweni. Pepala la mafunso lija musalinamize, chifukwa amene mukumupusitsa si dokotala, thupi lodzawola ndi lanu. Mukachitidwa opaleshoni ya mtundu uliwonse, werengani malangizo mpaka mzere womaliza, ndipo amene akukusamalirani kunyumba muwauze zoona. Njira zathu zakumudzi zili ndi malo ake, koma achemwali anga akanadziwa chimene chinachitika pamimba panga sakanayandikira ndi madzi otentha.

Ndipo inu amayi anzanga amene ana anu akukonzekera ukwati, telala akanena kuti muwonjezere mamita awiri, kaguleni mamita awiriwo. Anthu aseka tsiku limodzi, Lolemba aiwala.

Lusungu amabwera kudzandiona. Amandigulira mankhwala a shuga, amandifunsa ngati ndadya, amandipatsa ulemu wonse woyenera mayi. Koma za tsiku lija sitikambirana. Mwezi wathawu ndinapita kunyumba kwake koyamba, ndipo ndinayang'ana makoma onse a pabalaza. Pali kalendala, pali satifiketi yake ya kukoleji, pali chithunzi cha makolo a mwamuna wake. Cha ukwati palibe ngakhale chimodzi. Ndinafunsa mpongozi wanga mwakachetechete ngati wojambula anawabera. Anayang'ana pansi n'kundiuza kuti zithunzi zilipo zambiri, zili m'sutikesi, koma mkazi wake safuna kuziona, chifukwa palibe ngakhale chimodzi chimene iye sakulira.